Mabasi Okalamba a ku Mbagala ndi Amisiri Amene Amawadzutsa

Mbagala ndi dera lalikulu la kummwera kwa mzinda wa Dar es Salaam, m'boma la Temeke, m'mbali mwa msewu wa Kilwa. Wochokera pakati pa mzinda amadutsa Kurasini ndi Mtoni, n'kutsetsereka pa Mtongani kukaoloka mtsinje wa Kizinga, kenako n'kukwera chitunda kulowa Mbagala Misheni, Kizuiani ndi Zakhem mpaka kukafika pa Rangi Tatu, pamene pali siteji yaikulu. Kale kumeneku kunali midzi ya Azaramo, minda ya chinangwa ndi mitengo ya kokonati, mango ndi mbibu. Lero nyumba zinathithikana mpaka ku Charambe, Chamazi ndi Kongowe, ndipo m'mamawa uliwonse khamu la anthu limakhamukira kumsewu kuti likagwire ntchito kudoko, ku Kariakoo ndi kumafakitale.

Anthu sakanamanga nyumba kutali chonchi pakanapanda chowanyamula. Ndipo chimene chinawanyamula kwa zaka zoposa 40 ndi mabasi amene ambiri mwa iwo anali atatha kale ntchito kudziko lina. Basi yokalamba siyenda yokha. Pamafunika munthu wogona pansi pake usiku, tochi kukamwa, sipanala kumanja, kuti mawa idzuke. Mbiri ya Mbagala ndi mbiri ya anthu amenewanso, ngakhale mayina awo sanalembedwe pa chikwangwani chilichonse.

Masiku a kampani imodzi

Mabasi a m'tauni anayamba kuyenda mu Dar es Salaam m'chaka cha 1949, pamene kampani ya Angerezi yotchedwa Dar es Salaam Motor Transport, kapena kuti DMT, inapatsidwa chilolezo chonyamula anthu yokha popanda wopikisana naye. Nthawi imeneyo mzinda unali waung'ono, ndipo Mbagala kunali kumudzi. Kampaniyo inali ndi galaja yake, amakaniko ake olembedwa ntchito, ndi nkhokwe ya masipeya ochokera kunja. Basi ikafika nthawi yake inkalowa m'galaja, kaya yawonongeka kaya ayi.

Tanganyika italandira ufulu mu 1961, n'kuphatikizana ndi Zanzibar mu 1964, boma la Julius Nyerere linasankha njira ya Ujamaa, imene inalengezedwa ku Arusha mu 1967. Makampani akuluakulu analowa m'manja mwa boma, ndipo DMT inatengedwa mu 1970. Mu 1974 anaigawa pawiri: UDA yoyendetsa mabasi a mumzinda, ndi KAMATA yopita kuzigawo. Akuluakulu a ku Dar es Salaam mpaka pano amakumbukira mabasi aatali a Ikarus ochokera ku Hungary, opindika pakati, amene ankakokolola anthu onse pa siteji.

Koma mzinda unkakula mofulumira kuposa kampani. Kalembera wa 1967 anapeza anthu osakwana 300,000, pamene wa 1988 anapeza oposa 1.3 miliyoni. Pa zaka zomwezo chuma chinalowa pansi. Mafuta anakwera mtengo mu 1973 ndiponso mu 1979, mgwirizano wa East African Community unatha mu 1977, ndipo nkhondo yolimbana ndi Idi Amin ya 1978 mpaka 1979 inapsereza ndalama zambiri. Ndalama zakunja zitasowa, masipeya anasowanso. Mabasi abwinobwino ankaima miyezi chifukwa cha kachitsulo kamodzi kosapezeka m'dziko. Amakaniko anayamba kuchotsa chiwalo pa basi yakufa n'kukaika pa yodwala, mpaka bwalo la kampani linadzaza ndi zigoba.

Sukulu ya kusowa

Zaka zimenezo zinali zowawa, koma ndi zimene zinasula mtundu wa mmisiri amene tikumuona lero. M'dziko limene sitolo ili ndi chilichonse, makaniko amachotsa chowonongeka n'kuika chatsopano. M'dziko limene sitolo ilibe kanthu, makaniko amayenera kumvetsa ntchito ya chitsulo chilichonse kuti athe kuchikonza kapena kusula china cholowa m'malo mwake. Ku Gerezani, pafupi ndi Kariakoo, kunasonkhana amisiri a zitsulo amene ankapanga mbaula, ndowa, mabawuti ndi zina zambiri kuchokera ku zitsulo zotayidwa. Mabushi ankadulidwa kuchokera ku matayala akutha. Gasiketi inkajambulidwa pa pepala lolimba, mmisiri akugogoda pang'onopang'ono ndi kahamala m'mphepete mwa chitsulo mpaka pepala litadukira m'mizere yake. Rediyeta yodontha inkamatidwa ndi mtovu, batire inkatsegulidwa n'kukonzedwa, ndipo waya wa sitata ankakulungidwanso pamanja.

Luso limeneli silinalembedwe m'buku. Linkayenda kuchoka kwa fundi, monga amatchulidwira mmisiri m'Chiswahili, kupita kwa mnyamata womupatsira zida. Ndipo pamene boma linatsegula khomo kuti anthu wamba aziyendetsa mabasi, amisiriwa anali atakonzeka kale.

Khomo litseguka mu 1983

Anthu otopa ndi kudikira basi ya UDA anali atayamba kale kukwera galimoto za anthu wamba mozembera lamulo. Zina zinali malole aang'ono okhomeredwa denga ndi mabenchi awiri oyang'anizana, amene anthu anawatcha chai maharage. Mtengo unali mashilingi asanu, ndalama imene inkatchedwa dala, ndipo dzina loti daladala linachokera pamenepo. Mu 1983, Edward Sokoine ali nduna yaikulu, boma linavomereza kuti galimoto zimenezi zizinyamula anthu poyera, poyamba pansi pa ulamuliro wa UDA yomweyo.

Chaka chotsatira boma linalola kuti munthu amene ali ndi ndalama zakunja zakezake aziitanitsa katundu. Ali Hassan Mwinyi atalowa upulezidenti mu 1985, n'kugwirizana ndi IMF mu 1986, malonda anamasuka kwambiri moti anthu anamutcha Mzee Ruksa, mkulu wololeza. Padoko la Dar es Salaam panayamba kutsika galimoto zakale zochokera ku Japan. Zinali zoyenerera chifukwa ku Japan amayenda kumanzere kwa msewu ngati ku Tanzania ndi ku Malawi, ndipo chiwongolero chili kumanja. Zinalinso zotsika mtengo, popeza kumeneko kuyezetsa galimoto yakale n'kodula, ndipo malamulo oletsa utsi wa dizilo m'mizinda ikuluikulu, monga lamulo limene Tokyo inakhwimitsa mu 2003, anachititsa kuti eni ake azigulitsa mabasi amene injini zake zinali zikadali zamphamvu.

Choncho m'misewu ya Dar es Salaam munadzaza Toyota Hiace, imene anthu anaitcha kipanya chifukwa cha kuchepa ndi kuzemba kwake, komanso Toyota Coaster, Nissan Civilian, Isuzu Journey ndi Mitsubishi Rosa. Zambiri zinkafika zilembo za Chijapani zikuonekabe m'mbali, zina zili ndi zithunzi za sukulu ya mkaka imene zinkatumikira. Panalinso DCM, shasi ya lole ya Toyota yopangidwira ku India, imene ankaimangira bodi ya basi. DCM inadziwika kwambiri pa njira za Mbagala ndi Gongo la Mboto, chifukwa inali yolimba ndipo sinkanyinyirika ndi katundu.

Ku Australia ndi ku New Zealand, Coaster yakale yamtundu womwewu imagulidwa ndi anthu opuma pantchito. Amachotsamo mipando, n'kuikamo bedi, chitofu, thanki ya madzi ndi kachimbudzi, isanduke nyumba yoyenda yokaonera nayo dziko. Mwini wake amaisamala, amaiyendetsa pa tchuthi, ndipo ikatsokomola pang'ono amaiimika mpaka sipeya itafika. Coaster inzake yotuluka m'fakitale imodzimodziyo ikatsikira ku Dar es Salaam imayamba ntchito kusanache n'kuweruka usiku, tsiku ndi tsiku, itasenza anthu oposa amene anaipangira. Mavuto a ukalamba ndi amodzi: dzimbiri, kudontha kwa oyilo, mawaya ouma, masipuling'i otopa. Kusiyana kwake n'kwakuti ya ku Mbagala ilibe tsiku lopuma, ndipo pakamwa pambiri pamadalira kuti mawa ituluke.

Msewu wodya zitsulo

Msewu wa Kilwa sunali wachifundo. Kwa zaka zambiri unali wopapatiza ndi wamaenje, chonsecho ndi umene unkanyamula malole ndi mabasi onse opita ku Mkuranga, Kibiti, Kilwa, Lindi ndi Mtwara. Mlatho wa Mkapa pa mtsinje wa Rufiji utatsegulidwa mu 2003, galimoto zopita kummwera zinachuluka. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000 msewuwu unakuzidwa ndi thandizo la dziko la Japan mpaka ku Mbagala, koma tinjira tolowa m'makwalala tinakhalabe tamchenga ndi matope. Mvula ya masika, kuyambira Marichi mpaka Meyi, imadzaza madzi m'maenje, ndipo madziwo amalowa m'mabuleki ndi m'mabeling'i. Mphepo ya kunyanja ya mchere imadyetsa bodi ndi dzimbiri kuyambira pansi. Mdipiti wa galimoto umatenthetsa injini ndi kutha kalachi. Chitunda chochokera pa Kizinga, basi itadzaza mpaka pakhomo, chimaulula injini iliyonse yotopa, chifukwa utsi wakuda umatuluka ndipo dalaivala amabwerera ku giya yoyamba.

N'chifukwa chake basi ikangotuluka padoko imayamba yadzera kwa amisiri isananyamule munthu. Owotcherera amakonzanso mipando kuti ikwane yambiri, amaika chitsulo chogwirira oimirira, ndi kulimbitsa khomo limene lizitsegulidwa ndi kumenyetsedwa tsiku lonse. Wa masipuling'i amawonjezera tsamba limodzi kapena awiri kumbuyo kuti basi isakhale pansi ikadzaza. Wopenta amajambula mzere wa mtundu wosonyeza njira yake ndi kulemba kutsogolo mayina a malo oyambira ndi othera. Basi imene inapangidwira misewu yosalala ya ku Osaka imabadwanso kachiwiri kuti ikwanitse ya ku Temeke.

Pansi pa mtengo wa mango

Magalaja ambiri a m'derali alibe khoma kapena chikwangwani, ndipo anthu amawatcha gereji bubu. Pamakhala mtengo wa mthunzi, bokosi lachitsulo lotsekedwa ndi loko, jeke, zitsa zoimikira galimoto, ndi dothi lakuda bii chifukwa cha oyilo wa zaka zambiri. Basi ikafika, fundi sathamangira kumasula. Amauza dalaivala kuti aisiye ikulira, iye n'kuika nsonga ya sikuludiraiva pa injini, chogwirira chake kukhutu, kumvetsera kumene kukuchokera kugogoda. Amayang'ana utsi: wabuluu ndiye kuti injini ikudya oyilo, wakuda ndiye kuti dizilo sakupsa bwino, woyera wosatha ndiye kuti madzi akulowa kumene sayenera kulowa. Amatsegula potsirira oyilo kuona ngati mpweya ukuphulika. Amasisita oyilo pakati pa zala kufufuza tizitsulo.

Akagamula kuti injini iphwasulidwe, ntchito imakhala ya masiku. Anyamata amamangirira tcheni pa mitengo itatu yachitsulo kapena pa nthambi yolimba, n'kukoka injini kuitulutsa. Mabawuti amaikidwa m'zitini zosiyana kuti asasokonezeke. Mapisitoni amandandalikidwa pa katoni motsatira manambala ake, chifukwa aliyense ali ndi dzenje lake. Kirankishafuti imanyamulidwa kupita kwa amisiri a makina osengera zitsulo kuti akaisalaze, ndipo mabeling'i atsopano amagulidwa molingana ndi muyezo umene yatsikira. Pampu ya dizilo ndi manozo zimapita kwa katswiri wake wapadera. Pomanganso, mutu wa injini umamangidwa kuyambira mabawuti apakati kupita kunja, pang'onopang'ono, kuti gasiketi ikhale mofanana. Wothamanga pamenepa amadzaibwerezanso ntchito mwezi usanathe.

Amisiri amakonda injini zakale monga 1HZ ya Toyota, ya masilinda 6 ndi malita 4.2, imene imapezeka mu Coaster ndi mu Land Cruiser. Ilibe kompyuta yoilamulira, pampu yake ndi ya zitsulo zokhazokha, ndipo vuto lake limaoneka ndi maso kapena kumveka ndi khutu. Injini yotere imatha kumangidwa kangapo isanatheretu.

Sipeya ikafunika, mnyamata amatumidwa pa njinga yamoto kupita ku Ilala, Kariakoo kapena Temeke, chitsulo chakufacho chili m'thumba kuti akafanizire. Kumeneko amasankha pakati pa chenicheni chodula, chongofanizira chotchipa, ndi chochotsedwa pa galimoto yoduladula yochokera ku Japan kapena ku Dubai. Fundi wodziwa ntchito nthawi zambiri amasankha chakale chenicheni kusiyana ndi chatsopano chachinyengo. Koma mawu omaliza amakhala a mwini basi ndi thumba lake.

Mnyamata wotumidwayo ndiye fundi wa mawa. Ambiri amabweretsedwa ndi kholo kapena malume atamaliza pulayimale. Amayamba ndi kutsuka zitsulo m'dizilo ndi kuphunzira manambala a masipanala, kenako amaloledwa kumasula tayala, kusintha oyilo, kukonza mabuleki. Injini amadzaigwira patapita zaka. Malipiro ake poyamba ndi chakudya chamasana ndi kandalama ka basi. Boma linakhazikitsa bungwe la VETA mu 1994 kuti liziphunzitsa ntchito zamanja, ndipo ku Chang'ombe, mu Temeke momwemo, kuli sukulu yake yaikulu. Komabe amisiri ochuluka amene amagwira daladala anaphunzirira pa dothi, ndipo alibe pepala losonyeza zimene manja awo amadziwa.

Kumene luso limagonja

Mbiri imeneyi ili ndi mbali yake yowawa, ndipo kuibisa n'kunyoza anthu amene anavulala kapena kufa pa ngozi. Matteo Rizzo, amene anafufuza kwa zaka zambiri za ogwira ntchito pa daladala n'kulemba buku lakuti Taken for a Ride mu 2017, anaonetsa kuti madalaivala ndi makondakitala ambiri analibe mgwirizano wolembedwa ndi eni mabasi. Tsiku lililonse amayenera kupereka ndalama yoikika, yotchedwa hesabu, ndi kulipira mafuta. Chotsala ndicho malipiro awo. Pa dongosolo lotere, tsiku limene basi yagona pa galaja ndi tsiku la njala kwa onse. Dalaivala amamva kuti buleki yayamba kufewa koma amati tione mawa. Mwini basi, amene mwina ali ndi imodzi yokhayo yogulidwa ndi ndalama zopumira pantchito, amapempha fundi kuti angoigwiriziza. Tayala lotha limasemedwanso mizere, paipi yodontha imamangidwa ndi mphira. Galimoto yotere anthu amaitcha spana mkononi, kutanthauza kuti suyenda nayo wopanda sipanala.

Fundi amadziwa bwino lomwe kusiyana kwa kukonza ndi kugwiriziza. Chimene chimamukakamiza kuchita chachiwiri ndi umphawi wa malondawo. Palinso oyilo wakutha wothiridwa pansi, amene mvula imamukokolera ku mitsinje ya Kizinga ndi Mzinga, ndi anyamata owotcherera opanda magalasi otchinga maso. Zimenezi n'zofunika kukonzedwa, ndipo sizingakonzeke pongothamangitsa amisiri pamalo pawo.

Boma linayesa kuika dongosolo. M'zaka za m'ma 2000 bungwe la SUMATRA linayamba kuyang'anira ziphaso, njira ndi mitengo, ndipo mu 2019 ntchito ya zapamtunda inapita ku LATRA. Timabasi ting'onoting'ono tinaletsedwa kulowa pakati pa mzinda. Koma sitinafe. Tinasamukira kunjira za kunja, kuchoka pa Rangi Tatu kupita ku Chamazi, Mbande, Kongowe ndi Vikindu. Umu ndi mmene Mbagala inakhalira malo amene basi imadzamalizira moyo wake. Ikalephereratu, injini imakalowa m'basi ina, mipando imakakhala pa malo ogulitsira tiyi, ndipo chigoba chimagulitsidwa pa sikelo kwa ogula zitsulo zakutha.

Mabasi atsopano, funso lakale

Mu Meyi 2016 mabasi othamanga, otchedwa mwendokasi, anayamba kuyenda pa msewu wawowawo kuchoka ku Kimara kukafika ku Kivukoni. Anali atsopano, aakulu, ochokera ku China, ndipo anthu anasangalala. Patangopita zaka zochepa, madzi osefukira anali atalowa kangapo m'depoti ya mabasiwa ya ku Jangwani, mabasi ambiri anaima, ndipo mizere ya anthu odikira inayambanso kutalika. Phunziro la UDA linabwerera: kugula basi n'kosavuta poyerekeza ndi kuisunga ikuyenda. Gawo lachiwiri la ntchitoyi, la makilomita pafupifupi 20, linamangidwa pa msewu wa Kilwa mpaka ku Mbagala ndi ngongole ya African Development Bank, ndipo mabasi ake ndi oyendera gasi. Kalembera wa 2022 anapeza kuti Dar es Salaam ili ndi anthu oposa 5.3 miliyoni, choncho mabasi aakulu ndi ofunikadi. Koma nawonso adzakalamba, ndipo adzafuna munthu wodziwa mawaya, kompyuta ndi matanki a gasi.

Amisiri a ku Mbagala anaonetsa kale kuti amatha kusintha. Njinga zamoto za bodaboda ndi timagalimoto ta matayala atatu ta Bajaj titachuluka, ambiri anaphunzira kukonza zimenezo. Ena anagula kamakina kolumikiza ku galimoto zatsopano kuti kaziwauza pamene pali vuto. Chimene akusowa ndi malo ovomerezeka ogwirira ntchito, njira yoyesera luso lawo kuti alandire satifiketi, ndi mwayi wophunzira makina atsopano asanawapitirire.

Kwa ife Amalawi nkhaniyi si yachilendo. Galimoto zambiri zimene timakwera zimatsikira padoko lomweli, n'kudzera ku Mbeya ndi pa Songwe kulowa ku Karonga. Nafenso tinali ndi kampani imodzi yaikulu, UTM, imene inakhala Stagecoach mu 1989, kenako Shire Bus Lines, mpaka inatha. Malo ake anatengedwa ndi maminibasi akale a ku Japan, ndipo amene amawadzutsa ndi amakaniko a ku Ndirande, ku Biwi ndi m'matauni ena. Achinyamata athu amene amapita ku Dar es Salaam kukasaka ganyu kapena kukapikula katundu amakwera daladala zomwezi.

Mayiko athu sapanga mabasi okwanira anthu ake, ndipo kwa zaka zikubwerazi tipitiriza kukwera zimene ena anasiya. Ngati zili choncho, kukonza galimoto ndi ntchito yaikulu ya dziko, yofanana ndi kumanga msewu kapena mlatho. Boma limene limakongola ndalama zogulira mabasi liyenera kupatulanso ndalama zophunzitsira owakonza ndi zosungira masipeya. Khonsolo iyenera kupatsa amisiri malo okhala ndi madzi, magetsi ndi motayira oyilo. Mwini basi ayenera kuwerengera tsiku la galaja ngati gawo la malonda ake, ndipo dalaivala wokana kutulutsa basi yopanda mabuleki ayenera kutetezedwa ndi lamulo kuti asachotsedwe ntchito. Ndipo kholo limene mwana wake wasankha sipanala lisamuone ngati wolephera sukulu, chifukwa ntchito imene wasankhayo ndi imene yakhala ikufikitsa anthu a ku Mbagala kuntchito ndi kuwabweza kwawo kuyambira 1983.